Lamba Amene Saoneka

Pamene ife tinali ana, galimoto inali ya mabwana a m'boma ndi eni masitolo a ku Limbe. Lero kuno ku Chinyonga munthu ukadzuka m'mamaŵa umamva magalimoto akulizidwa m'makomo ambiri, a aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi ndi amayi a geni. Ambiri mwa magalimoto ameneŵa adayamba agwirapo ntchito ku Japan, kumene amayenda kumanzere kwa mseu monga ife, ndipo amafika kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ena timagulana tokhatokha atapita kale m'manja mwa anthu aŵiri kapena atatu. Pogula timayang'ana penti, matayala ndi mipando. Koma m'kati mwa injini zambiri muli kanthu kena kamene maso saona, kamene kangathe kuimitsa ulendo wa banja lonse pakati pa usiku. Amakaniko amakatcha timing belt, ndipo ife m'nkhani ino tidzati lamba wa taimingi.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndidagula Toyota Corolla yopangidwa mu 1998 kwa mnzanga amene ankapuma pa ntchito. Tsiku loyamba kupita nayo ku galaja, makaniko wake, bambo wachikulire wa imvi zake, adayang'ana makilomita nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi lamba wa taimingi adasinthidwa liti?" Ine ndidaloza lamba wakuda amene amaonekera munthu ukangotsegula boneti, ndi kunena kuti akuoneka wabwinobwino. Iwo adaseka pang'ono nati, "Ameneyo ndi wa fani, bambo. Amene ndikunena ine ali m'katimu," uku akugogoda chivindikiro cha pulasitiki cha kumbali kwa injini. Amene adandigulitsa galimotoyo sadadziŵe kanthu za lambayo, ndipo pepala lililonse lonena za iye panalibe. Atandiuza mtengo wa ntchitoyo, ndidakumbukira kuti teremu ili pafupi kutsegulidwa ndipo mwana wathu wamkazi akufunika fizi ya ku sekondale. Ndidati tidzaona mwezi wamaŵa. Mwezi wamaŵawo udasanduka chaka ndi theka.

Usiku wina wa mvula tidalandira foni kuti apongozi anga adwalika kwambiri kumudzi, kufupi ndi Namadzi. Tidanyamuka ndi mayi a kunyumba, tidakawatenga, ndi kuyamba ulendo wobwerera kuti tikafike nawo ku chipatala cha Queen Elizabeth. Titangopitirira pa Njuli, injini idazima ngati wina wauzira koloboyi. Panalibe phokoso, panalibe utsi. Nditatembenuza kiyi, sitata inkangozungulira mopepuka ndi mofulumira, injini osadzuka. Tidakhala m'mphepete mwa mseu nthaŵi yaitali, wodwala akubuula kumbuyo, mpaka mwini lole wina wachifundo adaima natinyamula. Apongozi adachira, ndipo tikuthokoza. Koma funso limene mayi a kunyumba adandifunsa mumdima muja silichoka m'makutu mwanga: "Kodi si lamba uja adakuuzani amisiri?" Wakutsina khutu ndi mnansi, ine sindidamvere.

Ntchito ya lambayo

Kuti timvetse chifukwa chake kalamba kopepuka chotere kali ndi mphamvu yoimitsa galimoto, tiyeni tione mmene injini imagwirira ntchito. M'kati mwake muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika, nazungulitsa chitsulo chachikulu cha pansi chotchedwa crankshaft. Pamwamba pa mapisitoniwo pali tizitseko, timene amati mavalavu. Tina timaloŵetsa mpweya, tina timatulutsa utsi. Timatsegulidwa ndi chitsulo china cha pamwamba chotchedwa camshaft. Pisitoni ikamatsika kukoka mpweya, valavu yoloŵetsa iyenera kukhala yotsegula. Ikamakwera kupanikiza mpweyawo, zonse ziyenera kukhala zotseka. Mafuta akayaka, pisitoni imakankhidwira pansi, ndipo pokweranso valavu yotulutsa utsi imatseguka.

Zitsulo ziŵirizi ziyenera kuyendera limodzi monga amayi aŵiri osinja mu mtondo umodzi: wina akakweza munsi, mnzake atsitse. Cha pansi chikazungulira kaŵiri, cha pamwamba chizungulire kamodzi, osapyola ndi pang'ono pomwe. Wosunga mgwirizano umenewu ndiye lamba wa taimingi, n'chifukwa chake ali ndi mano m'kati mwake oloŵa m'mano a magudumu a zitsulo zija. Ana a sukulu aŵerengere okha: injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, camshaft imazungulira ka 1,500, ndiye kuti valavu iliyonse imatseguka ndi kutseka ka 25 pa sekondi imodzi.

Malamba a mano otereŵa adayamba kugwiritsidwa ntchito m'makina osokera zovala ku America m'zaka za m'ma 1940. Galimoto yoyamba kupangidwa yambirimbiri yokhala ndi lamba wa taimingi inali Glas 1004 ya ku Germany, mu 1962. Opanga magalimoto adamkonda lambayu chifukwa ndi wopepuka, sachita phokoso, ndipo ndi wotsika mtengo kuposa tcheni. Kuipa kwake n'kwakuti amapangidwa ndi mphira, wokhala ndi ulusi wa galasi m'kati ndi nsalu yolimba pamano. Mphira amakalamba. Kutentha kumamuumitsa, oyilo akamdonthera amamfeŵetsa, ndipo tsiku lina mano amathothoka kapena lamba yense amaduka.

Injini ziŵiri, matsoka aŵiri

Tsiku lotsatira, galimoto yanga itakokedwa kufika ku galaja, amisiri aja adandiuza kuti ndachita mwayi. Injini ya Corolla imeneyo, yotchedwa 5A-FE, idapangidwa mwa njira yakuti ngakhale valavu itatsala yotsegula, pisitoni siifikira. Choncho ndidangolipira wokoka galimoto, lamba watsopano ndi ntchito ya manja.

Injini zina sizili choncho. Mwa izo pisitoni ndi valavu zimagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana, ndipo lamba akaduka zimakumana. Mapisitoni amaomba mavalavu nawapinda, nthaŵi zina ndi kuononga hedi ya injini ngakhale mapisitoni omwe. Injini za dizilo zili m'gulu limeneli, ndiponso zambiri za petulo, monga B20B ya Honda CR-V yakale.

Mnansi wanga wina adali ndi minibasi ya Toyota Hiace ya dizilo, imene inkayenda pakati pa Limbe ndi Blantyre. Magalimoto otereŵa ali ndi kanyali pa dashibodi kolembedwa kuti T-BELT, kamene kamayaka makilomita osinthira lamba akakwana. Kanyalika sikaona mmene lamba alili, kamangoŵerenga mtunda. Katayaka, dalaivala wake adapeza mnyamata wina amene adakazimitsa ndi ndalama ya chakudya cha masana, lamba osakhudzidwa. Patapita miyezi ingapo minibasi idazima pa Maselema itadzaza anthu. Dalaivala ndi kondakitala adayamba kuikankha kuti ilire, ndipo kukankhako kudangoonjezera zoonongeka. Idakhala pa mawe kuseri kwa nyumba kwa miyezi yambiri, ndipo banja limene linkadya ndi kuphunzitsa ana kuchokera m'minibasiyo lidaona zakuda. Ndalama zokonzera zidaposa kutalitali zimene zikadagula lamba.

Kodi galimoto yanu ili ndi lamba kapena tcheni?

Ili ndilo funso loyamba, pakuti si magalimoto onse amene ali ndi lamba. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, opanga magalimoto ambiri a ku Japan adabwerera ku tcheni chachitsulo. Dzina la galimoto palokha silikwanira kukuuzani, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimakhala ndi injini zosiyana malinga ndi chaka. Funani dzina la injini, limene limalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko.

Mwa injini za Toyota, 4A-FE, 5A-FE, 7A-FE ndi 3S-FE, zimene zili m'ma Corolla, Carina, Corona ndi RAV4 akale, zili ndi lamba. Chimodzimodzinso za dizilo 2L, 3L, 5L, 1KZ-TE, 1KD ndi 2KD za m'ma Hiace, Hilux ndi Prado. Koma 1NZ-FE, 2NZ-FE, 1ZZ-FE ndi 1KR-FE, zimene timazipeza m'ma Vitz, Passo, Sienta, Probox ndi ma Corolla a kuyambira chaka cha 2000, zili ndi tcheni. Honda Fit ndi Nissan Tiida zilinso ndi tcheni. Injini za Subaru zoyamba ndi zilembo EJ zili ndi lamba. Pa Mitsubishi Pajero, 4D56 ili ndi lamba pamene 4M40 ili ndi tcheni. Njira ina yosavuta ndiyo kuyang'ana chivindikiro cha kumene kuli magudumu a injini: chikakhala cha pulasitiki, kaŵirikaŵiri m'kati muli lamba; chikakhala chachitsulo chomatidwa kuti oyilo asatuluke, kaŵirikaŵiri muli tcheni.

Tcheni chilibe nthaŵi yoikika yosinthira, koma chimadalira oyilo woyera. Mwini galimoto wochedwetsa kusintha oyilo amachikalambitsa msanga, ndipo chikatamuka chimachita phokoso la gwedegwede injini ikangolizidwa m'maŵa. Kudziŵa zimenezi kudzakutetezaninso kwa munthu wosakhulupirika amene angakulipiritseni lamba pa injini yopanda lamba.

Makilomita ndi zaka

Wopanga galimoto aliyense amalemba m'buku la galimotoyo nthaŵi yosinthira lamba, ndipo bukulo ndilo liyenera kutsatidwa. Ku Japan muyeso wozoloŵereka ndi makilomita 100,000. Injini za 1KD ndi 2KD adaziikira makilomita 150,000. Pali magalimoto ena, makamaka a ku Ulaya, amene amafuna kusintha pa makilomita 60,000 okha. Amene mudagula galimoto yochokera ku Britain kumbukirani kuti mita yake imaŵerenga mamailosi, ndipo mamailosi 60,000 ndi pafupifupi makilomita 96,000.

Koma makilomita ndi theka chabe la nkhani. Opanga ambiri amatchulanso zaka, ena zisanu, ena zisanu ndi ziŵiri, ena mpaka khumi, ndipo lamulo ndi lakuti chimene chayamba kukwana ndicho timvere. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 30 tsiku lililonse, kupita ku ntchito, kukatula ana ku sukulu ndi kukagula ndiwo ku msika wa Limbe. Pa chaka mudzayenda makilomita osakwana 11,000, ndipo kuti mufike pa 100,000 padzapita zaka zoposa zisanu ndi zinayi. Kwa inu zaka ndizo zidzayambe kukwana. Minibasi yoyenda makilomita 200 pa tsiku imakwanitsa mtunda womwewo m'masiku 500, chaka ndi theka chisanathe. Dziŵaninso kuti pamene mwaima pa mdipiti wa magalimoto mu mseu wa Masauko Chipembere, pa Chichiri kapena pa Ginnery Corner, mita siiŵerenga kanthu koma lamba akuzungulirabe m'kutentha.

Vuto la galimoto yogula kwa wina ndi lakuti sitidziŵa mbiri yake. Apa pali zinthu zothandiza. Amakaniko a ku Japan akasintha lamba amakonda kumata kapepala pa chivindikiro chake kapena pafupi, kolembedwa tsiku ndi makilomita. Nthaŵi zambiri chaka amachilemba monga mwa kaŵerengedwe ka mafumu a dziko lawo. Chilembo H chimaimira nyengo ya Heisei, imene idayamba mu 1989 ndi kutha mu Epulo 2019. Onjezerani 1988 pa nambala yolembedwayo, kotero kuti H22 ndi chaka cha 2010. Chilembo R chimaimira Reiwa, imene idayamba mu Meyi 2019. Onjezerani 2018, ndipo R3 ndi 2021. Kapepala kakati H24, ngakhale makilomita atakhala ochepa, lambayo ndi wa 2012 ndipo wakalamba.

Chachiŵiri, musakhulupirire mita yokha, pakuti pali anthu amene amaibweza m'mbuyo. Ku Japan galimoto ya banja imayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziŵiri zilizonse, ndipo makilomita a pa kuyesako amalembedwa pa chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo. Pemphani kuchiona. Yang'ananinso mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala: zikakhala zoperepeseka pamene mita ikunena makilomita 50,000, pali chimene chabisika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musadalirenso chiphaso cha COF pa nkhani imeneyi. Oyesa amaona mabuleki, nyali, matayala ndi zina zoteteza moyo pamseu, koma satsegula injini.

Ngati palibe kapepala, palibe lisiti, ndipo wogulitsa akungoti "ndikuganiza kuti adasintha", muyeseni lambayo ngati sadasinthidwepo. Mtengo wake muuŵerengere pamodzi ndi mtengo wa galimoto musanagwirizane, ndipo mukagula, ulendo woyamba ukhale wa ku galaja.

Kodi lamba amachenjeza?

Lamba wa fani akatopa amalira mokwiyitsa m'maŵa, ndipo aliyense amamva. Wa taimingi kaŵirikaŵiri amafa chamumtima. Komabe makaniko angathe kuchotsa chivindikiro cha pamwamba, injini ili chozima, ndi kumuyang'ana. Akapeza ming'alu kumsana kwake, ulusi wotuluka m'mbali, mano odyeka, kapena oyilo atamnyowetsa, ntchitoyo isadikire malipiro a mwezi wamaŵa. Phokoso lolira ngati mluzu kapena lokhwekhwereza kuchokera m'chivindikiromo limasonyeza kuti timagudumu toyendetsa lamba tatha, ndipo kamodzi kakagwira, lamba amapita nako. Madzi odontha kumeneko amaloza ku pampu ya madzi. Koma lamba wooneka bwino kunja angathe kukhala wotopa m'kati. Maso angakuuzeni kuti lamba waipa. Sangakutsimikizireni kuti ali bwino.

Tsoka likakugwerani panjira, injini n'kuzima yokha sitata n'kumazungulira mopepuka, musaumirire kuiliza ndipo musalole anthu kuikankha kuti idzuke. Kumbukirani kuti injini ikazima chiwongolero chimalemera, ndipo mabuleki amauma mukawaponda kamodzi kapena kaŵiri. Amagwirabe, koma amafuna mwendo wamphamvu. Zimenezi n'zoopsa kwambiri pa mitsetse ngati ya ku Thabwa potsikira ku Chikwawa. Patukirani kumbali msanga, ikani zizindikiro zochenjeza anzanu kutsogolo ndi kumbuyo, tulutsani ana aime kutali ndi mseu, ndipo galimotoyo ikokedwe.

Tsiku losintha

Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kumasula ndi kumanganso, choncho ndi nzeru kusinthiratu zonse zokhala m'chivindikiromo pa ulendo umodzi. Kagudumu kokoka lamba, kamene amati tensioner, ndi timagudumu tina tomuongolera tisinthidwe pamodzi naye. Pa injini zimene pampu ya madzi imayendetsedwa ndi lamba yemweyo, monga 3S-FE, B20B ndi za Subaru zija, pampuyo isinthidwenso. Ngati oyilo akudontha pa masilo a crankshaft kapena camshaft, akonzedwe tsiku lomwelo, apo ayi lamba watsopano adzaonongeka msanga.

Pogula sipeya tengani dzina la injini, chifukwa malamba amasiyana kutalika, chiŵerengero cha mano ndi kaumbidwe ka manowo. Maina odziŵika ndi monga Gates, Mitsuboshi, Bando ndi Dayco, kapena a kampani imene idapanga galimotoyo. Koma achinyengo amalembanso maina omweŵa pa katundu wachabechabe, choncho gulani m'sitolo yopereka lisiti, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, kayikani. Lamba asapindidwe mwamphamvu poyesa kulimba kwake, chifukwa ulusi wa galasi uja umathyokera m'kati osaoneka.

Sankhani makaniko amene adagwirapo injini ya mtundu wanu. Pa magudumu pali zizindikiro zimene ziyenera kulunjikana, ndipo kuphonya ndi dzino limodzi lokha kumachititsa galimoto kufooka ndi kumwa mafuta. Kuphonya ndi mano angapo kungaphe injini. Mmisiri wosamala akamanga lamba amazungulitsa injini ndi sipanala kaŵiri kathunthu, naonanso zizindikiro zija, asanaiyatse. Pemphani kuti akupatseni zonse zimene wachotsa. Mmisiri woona sakhumudwa nazo.

Ndikudziŵa kuti ndalama ndi yovuta. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya idakwera pamodzi ndi ya zonse zochokera kunja. Koma lamba ali ndi ubwino umodzi umene matenda ndi maliro alibe: tsiku lake limadziŵika zaka zingapo lisanafike. Banja lingathe kufunsa mtengo lero, kuugaŵa m'miyezi yotsala, ndi kumapatula pang'onopang'ono, kaya kunyumba, kaya ku banki m'khonde. Nkhaniyi ikambidwe ndi onse aŵiri, bambo ndi mayi, monga timakambira za fizi ndi feteleza. Ine ndidalakwa posankha ndekha pakati pa fizi ndi lamba, pamene tikadakhala pansi aŵiri tikadapeza njira yolipirira zonse m'miyezi itatu kapena inayi. Ngati ndalama sizidakwane ndipo nthaŵi ya lamba yapitirira, ndi bwino galimoto iyambe yaima, inu muyende pa minibasi, kusiyana ndi kutaya injini yonse.

Kwa inu achinyamata, ambiri a inu ndinu amene makolo amakutumani kufufuza galimoto pa intaneti, ndipo ena mukusunga ndalama zogulira yanuyanu yoyamba. Musanafunse za wailesi ndi marimu, funsani dzina la injini, ngati ili ndi lamba kapena tcheni, ndiponso chaka ndi makilomita amene lambayo adasinthidwira. Safunsa adadya phula.

Makolo anzanga, Loŵeruka likudzali tsegulani boneti muli ndi ana anu, mupeze dzina la injini ndi kapepala kaja, muŵerengere limodzi zaka. Ine chichokereni pa Njuli ndimasunga kope la sukulu m'galimoto, mmene ndimalemba tsiku, makilomita ndi ntchito iliyonse imene yachitika. Pa tsamba loyamba pali chaka chimene lamba adzasinthidwenso, ndipo adalembapo ndi mayi a kunyumba ndi dzanja lawo.